Mphini za Trust

Germiston, Joni
16 Juni 2024

Okondedwa achemwali anga a Clara,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli ndi moyo wabwino, inu pamodzi ndi alamu anga abusa Peterson, ana, ndi mpingo wonse kwa Phalula. Ine kuno ndilipo. Kudzuka ndikudzuka, thekisi ya ku Alberton ndikukwera, zovala za madamu ndikusita, poti ntchito ya m'nyumba sidziwa kuti uyu ndi wamasiye. Chisanu cha chaka chino chabwera ndi mano, moti m'mawa madzi a pampopi akumaluma zala.

Mudabwa kuti ndakulemberani pamanja ngati kale pamene tonse tili ndi mafoni. Musadabwe. Foni yanu ikangoona dzina langa imagwidwa malungo, imalira mpaka kutopa popanda woiyankha. Choncho ndapempha Che Khalidi, transipota wathu uja, kuti akupatseni pepalali m'manja. Akalamba tsopano, galimoto ikuyendetsedwa ndi mwana wawo, koma mutu wawo ukugwirabe bwinobwino. Muwakumbukira, poti ndi omwewo amene munawapatsa Trust kuti abwere naye kuno.

Monga mukudziwa, khoti lamupeza Trust wolakwa pa mlandu wopha aEdgar, mwamuna wanga, munthu amene anamulera. Mwezi wamawa ajaji anena zaka zimene akhale m'ndende, koma asanatero akufuna kumva kuti mnyamatayu anachokera kuti ndipo anakula bwanji. Uthenga umene munanditumizira pa Watsapu musanayambe kuthawa foni ndinaumva, ndinaubwereza mpaka moto kutha. Munati, "Patience, wakufa wafa, tipulumutse wamoyo. Pita ukawauze ajaji kuti mwanayu anakula mozunzika m'nyumba mwanumo, akamuchitira chifundo." Munanena ndi mawu ofatsa aja amene mumatsegulira nawo pemphero la amayi Lachinayi. Ndiye kuti ine ndikaime pamaso pa anthu, ndikweze dzanja, ndinene kuti aEdgar anali chilombo.

Kukhotiko ndipita, achemwali, musade nkhawa. Koma poti inu kunalibe pamene mwana wanu amakula, ndaona kuti ndiyambe ndakuuzani zimene ndikanene, kuti musadzazimvere kwa anthu a m'basi.

Mukumbukira chaka chimene bambo ake a Trust anathawira ku Tete ndi mkazi wina, n'kukusiyani ndi ana atatu ndi nkhokwe yopanda kanthu. Ine ndinali nditakhala pabanja zaka zambirimbiri popanda ngakhale kupita padera. Nditabwera kumudzi pa Khirisimasi, amalume anatikhazika pansi nanena monga mwa mwambo wathu kuti wina asalire kuchuluka kwa ana pamene m'bale wake akulira kusowa. Ine sindinatchule dzina la mwana aliyense. Inu ndi amene munaloza Trust, munati ndi wofatsa, sadzativutitsa. Tsiku limenelo ndinakugwadirani, ndipo mpaka lero sindinong'oneza bondo kuti ndinagwada.

Anafika kuno ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, atapanikizika pakati pa matumba a mpunga ndi usipa, nambala yanga ya foni mutailemba pakolala ya malaya ake. Tinakamulandira pa renki ya mathekisi. AEdgar anavala jekete la kutchalitchi ngati akukalandira nduna. Tisananyamuke, Che Khalidi anatikokera pambali.

"Mayi, mwanayu walira kuyambira pa Mwanza mpaka pa Beitbridge," anatero. "Osati kulira mayi ake ayi. Akuti pachifuwa pakuwawa. Mukamuone bwino."

Titafika kunyumba malaya aja anakana kuvuka, anali atamatirira pakhungu. AEdgar anafunditsa madzi, kuthiramo mchere, n'kumanyowetsa pang'onopang'ono mpaka nsalu inalekana ndi thupi. Tinapeza mphini, mizere iwiri pachifuwa ndi ina iwiri kumsana pakati pa mapewa, zaziwisi, zakuda bii ndi mankhwala, zina zitayamba mafinya chifukwa cha kutentha kwa m'galimoto. AEdgar anali munthu wosakweza mawu. Anafunsa kuti ndani wachita zimenezi kwa mwana. Ine ndinakuimbirani pompo, ndipo munaseka, achemwali, kuseka kwanu kuja kokhala ngati mwatsamwa.

"Iwe Patience, ukudabwa chiyani? Mwana angapite ku Joni osatsirika? Ndinapita naye kwa a Zuberi, tambala wanga woyera anathera komweko. Zimenezo ndi za ngozi za pamsewu ndi mipeni ya matsotsi."

Sindinakudzudzuleni nthawi imeneyo ndipo pa chimenecho sindikukudzudzulani lero. Mayi aliyense amateteza mwana ndi chimene ali nacho pafupi, inu munali ndi tambala ndi sing'anga. Ndi angati a kwathu amene anadutsa bodala ali ndi kachithumwa m'sokosi? Tinangotsuka mabala aja mpaka anapola, nkhani n'kutha.

Miyezi yoyamba mwana wanu ankabisa buledi m'pilo, tinkadziwira nyerere. Sitima ikamadutsa pa Germiston ankathamangira kunsi kwa tebulo. AEdgar anamunyamula paphewa Lamlungu lina, kukakwera naye sitima mpaka ku Johannesburg ndi kubwerera, popanda chokachita kumeneko, kungoti mwana aone kuti m'mimba mwa chinthucho muli anthu okhala pamipando akudya malalanje. Pobwera anali akuliza yekha ngati sitima. Chizulu anachitola ngati nkhuku itola chimanga, moti pasanathe chaka ankatiseka ife akuluakulu tikamagula zinthu pa shopu. Ankati, "Mama, khalani chete, ndilankhule ine, mukutichititsa manyazi."

Anthu a kwathu kuno anasiya kunena kuti aEdgar, anayamba kunena kuti bambo a Trust. Inu amene munabereka mosavuta simungadziwe kuti dzina limenelo limalemera bwanji kwa mwamuna amene anzake ankamuseka kumbali. Munthu akawaitana choncho ankachedwa dala kuyankha kuti aitanidwenso kachiwiri. Kumalo kwawo kowotcherera zitsulo ku Wadeville, kangodya kamene ankachita lendi kuseri kwa nyumba yosungira katundu, anamupangira njinga ya zidutswa za mapaipi. Inali yonyansa, yolemera ngati ngolo, koma ana onse a mumsewu mwathu ankaima pamzere kuti akwereko. Kenako anamupangira khola la nkhunda, ndipo madandaulo a eni nyumba pa zitosi ndinkawalandira ndine.

Sindikunena kuti mwana wanu anali mngelo, ngakhale ajaji sindikawanamiza. Trust sankalira akapsa mtima, sankatukwana, ankangokhala duu, n'kusunga. Mphaka wa aneba atamudyera nkhunda sananene kanthu, anadya, anapita kusukulu, anaseka nafe. Patapita masiku mphaka uja tinamupeza m'dilamu la madzi, chivundikiro chitatsekedwa ndi mwala. Ndinachita mantha, aEdgar n'kuti akula asintha. Ndipo ngati akandifunsa kuti kodi anamenyedwapo, ndikayankha kuti inde, kamodzi, pamene anagwidwa ndi anzake akusenda mawaya a eni ake kuti akagulitse. AEdgar anamukwapula ndi lamba, kenako iwowo ndi amene anakana chakudya masiku awiri. Nkhanza zonse zimene mukufuna ndikanene ndi zimenezo.

Koma pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna muchimvetse bwino. Kukazizira kuno khungu limauma ngati chikopa, ndipo mphini zija zinkamuyabwa mwana mpaka kuzikanda kutuluka magazi. Chaka chilichonse chisanu chikayamba, aEdgar ankagula botolo la vaselini, kumukhazika pampando pafupi ndi hita, n'kumudzoza pachifuwa ndi kumsana asanapite kusukulu. Manja awo anali okhakhala ndi zipsera za moto, koma pogwira mwanayo ankakhala ngati akugwira dzira. Tsiku lina Trust anafunsa, ine ndikumva.

"Adadi, kodi izi n'chiyani? Anzanga alibe."

"Amenewa ndi mamendulo a usilikali," aEdgar anatero. "Iwe unadutsa mabodala atatu wekhawekha uli mwana. Anzakowo anadutsa chiyani? Msewu wa pa shopu?"

Mwana anaseka, natukula chifuwa. Anapitiriza kumudzoza mpaka atamera ndevu, akuchita kukana mwamanyazi, iwo n'kumati kumsana dzanja lako silifika.

Mwina mufunsa kuti bwanji sitinamuuze zoona atakula. Funso limenelo mudzifunse nokha. Mutakwatiwa ndi abusa Peterson, n'kuvala duku loyera, n'kuyamba kutchedwa amayi busa, munandiimbira mukunong'ona. Munati, "Mng'ono wanga, zija za a Zuberi zisamveke, abusa amatentha zithumwa za anthu pa guwa, angandibweze kwathu." Ndinawauza aEdgar, iwo n'kuvomera msangamsanga. Anati mwana asamve choipa cha mayi ake kuchokera pakamwa pathu, ndipo mlamu wanga wapeza banja, tisamupasulire. Chinsinsi chanu anachisunga bwino kuposa mmene munachisungira inu mwini.

Kusukulu Trust anali wanzeru, makamaka masamu. Vuto linadza atamaliza. Mwana amene analowa m'dziko la eni pakati pa matumba a usipa alibe pepala lonena kuti iye ndi ndani. Tinayenda maofesi mpaka nsapato kutha, uku akuti pitani uko, uko akuti bwerani ndi mayi womubereka. Anzake amene ankakopera masamu kwa iye analowa makoleji, ena ntchito zamayunifolomu, iye n'kumatsuka magalimoto. Akapeza ya ulonda, mwezi wachitatu afunsa mapepala. Akapeza yonyamula makatoni ku Wadeville, chimodzimodzi. Mtsikana wa Chisuthu amene ankamukonda anatopa kudikira nakwatiwa ndi woyendetsa thekisi. Trust anabwerera ku khalidwe lake lija, kukhala duu.

Nthawi yomweyo ntchito ya aEdgar inayamba kuyenda. Kuno ku Joni mantha ndi msika, aliyense akufuna geti lalitali ndi zitsulo za m'mawindo, ndipo aEdgar ankawotcherera mwaukhondo. Anagula kabaki kakale, anayamba kumanga nyumba ya malata kwawo ku Linthipe. Mukuwadziwa anthu athu. Mwamuna wopanda mwana wobereka yekha akagula galimoto, sanena kuti walimbikira, amati wakhwima. Ife tinkazimva n'kumaseka. AEdgar anamutenga Trust kuti azigwira naye ntchito, ankati zonsezi n'zako, ndikafa geti lililonse la ku Alberton lidzakhala likudziwa dzina lako. Sitinadziwe kuti mnyamatayo wayamba kupita ku tenti ya mneneri wina ku Katlehong.

Zotsatirazi ine sindinazidziwe mpaka tsiku limene Trust anaima yekha m'khoti kufotokoza. Chichitikire zinthu zija anali asanatsegule pakamwa kwa wapolisi, kwa loya, ngakhale kwa ine. Chaka chathunthu ndinkadzifunsa kuti tinamulakwira chiyani.

Anati mneneri uja anauza anyamata osowa ntchito kuti avule malaya awadzoze mafuta. Ataona mphini anaimitsa nyimbo. Anamuuza kuti amene anakutema apa anatenga mwayi wako n'kuuika m'bizinesi yake, ndiwe chizimba choyenda. Kenako anamufunsa ngati pali munthu amene amakhudzakhudza malo amenewo. Trust anakumbukira vaselini wa chaka ndi chaka. Mneneri anawomba m'manja nati basi, kumeneko ndiko kudzutsa mankhwala kuti asafe.

Komabe mwana wanu sanakhulupirire msanga, ndipo pamenepo ndikumuyamikira. Anati mumtima mwake munali nkhondo, poti munthu amene anamupangira njinga ankamudziwa. Choncho anaganiza zofunsa munthu mmodzi amene sakanamunamiza. Ndilemba mawu ake monga anawanenera, poti sachoka m'makutu mwanga.

"Ndinaimbira amayi anga ondibereka, amene ndi amayi busa ku Malawi. Ndinawafunsa za mphinizi. Anandiyankha kuti, mwana wanga, ine za asing'anga sindizidziwa. Unachoka m'manja mwanga thupi lako lili see, lopanda ndi kachipsera komwe. Afunse amene anakulera."

Achemwali, ine ndinaimirira m'khoti la eni ake n'kukuwa kuti bodza! Wapolisi wamkazi anachita kundigwira mapewa kundikhazika pansi. Sindinkanena Trust, poti nkhope yake ndimaidziwa akamanama. Ndinkanena inu.

Linali Loweruka m'mawa, mwezi ngati uno chaka chatha. AEdgar anali akumalizitsa geti la kasitomala. Trust analowa, anavula juzi ndi malaya, naima patsogolo pawo chifuwa chili pamtunda. Anawafunsa kuti anamutema ndani. Apa ndi pamene aEdgar akanadzipulumutsa ndi mawu atatu okha, akanangotchula dzina lanu. Koma anali atalonjeza. Anakweza chigoba chotchinga kumaso powotcherera mpaka pamphumi, namuyang'ana.

"Zisiye mwana wanga, ndi zakale. Vala malaya, kukuzizira."

Atatero anatsitsa chigoba natembenukira ku geti lawo. Trust anatola chitsulo chimene chinali pansi. Zina zonse sindilemba, ndinaziona ndi maso pamene anandiitana kuchokera ku Alberton ndili ndi epuloni m'chiuno.

Mtembo unapita kumudzi pa ngolo yokokedwa ndi galimoto ya Che Khalidi, njira yomwe ija anadzera mwana. Inu munabwera ku Linthipe ndi amayi a mumpingo mwanu, munalira mpaka mawu kusasa, munatsogolera nyimbo. Munagwira mutu wanga kuutsamiritsa pachifuwa panu, ine ndikufunsa kuti chifukwa chiyani, chifukwa chiyani, inu n'kumati Satana, mng'ono wanga, ndi Satana. Pa anthu onse amene anali pamaliro paja, munthu mmodzi yekha ndi amene ankadziwa chimene mwanayo anafunsa ndi chimene anayankhidwa. Chimenechi ndi chimene chikundiwawa kuposa zonse. Ndinatonthozedwa ndi manja anu, ndipo ndinakuthokozani.

Ndayesa kukuganizirani zabwino. Mwina pamene Trust amaimba abusa anali pafupi. Mwina munaganiza kuti ndi kabodza kakang'ono kongothawira manyazi, kofanana ndi kuuza mlendo kuti tadya kale. Simunadziwe za chitsulo, ndikuvomera. Koma mukanatha kunena kuti ndikuimbira mawa. Mukanatha kundiimbira ine madzulo ake kuti mwana wafunsa zakutizakuti, samalani. Munali ndi masabata angapo, achemwali, ndipo m'masabata amenewo munanditumizira mavesi ndi zithunzi za maluwa. Mapanga awiri avumbwitsa, koma inu munabisala bwinobwino m'mapanga onse awiri, wovumbwa anakhala mwamuna wanga.

Tsopano mawu a m'khoti aja afika kale ku Linthipe. Apongozi anga, amayi ake aEdgar, akapita pa mjigo amayi anzawo amanyamula ndowa n'kuchoka. Nyumba ya malata ija ana amaidutsa chothamanga. Kuno anthu amene ankadya pakhomo pathu Lamlungu lililonse akuti utsi sufuka popanda moto. Munthu anafa kamodzi ndi chitsulo, tsopano akumupha tsiku ndi tsiku ndi pakamwa.

Sabata yatha ndinalimba mtima kupita kundende kukamuona Trust. Wawonda, ameta mpala, koma maso ake ali mbee, opanda chisoni ngakhale pang'ono. Ndinamuuza zonse, za matumba a usipa, za madzi a mchere, za tambala woyera. Anandimvetsera mpaka kumapeto mwaulemu monga tinamuphunzitsira.

"Eish, Mama," anatero. "Koma n'chifukwa chiyani mukuwaikirabe kumbuyo? Kapena nanunso munadya nawo?"

"Anakutemetsa ndi amayi ako, Trust. Afunse Che Khalidi, anakunyamula ukulira."

"Che Khalidi ndi mnzawo wa adadi, anganene chiyani? Amayi anga ndi opemphera, Mama. Sanganame. Angapindule chiyani ponama?"

Mwamva kuti akunenabe kuti adadi? Anandiuza kuti chichokere tsiku lija thupi lake lapepuka, akugona bwino, akudziwa kuti anadzimasula. Mwana amene ndinamulera akukhala m'chipinda chija akudziona ngati msilikali weniweni.

Loya wake wandiuza chinthu chimene inu simunachiganize. Akuti ajaji amayang'ana kwambiri ngati wolakwa akumva chisoni ndi zimene anachita. Munthu wonena kuti ndinachita bwino amamupatsa chilango chonse, mwina moyo wake wonse m'ndende. Ndiye onani mmene zakhalira. Bodza limene mukundipempha silingamuthandize, chimene chingamuthandize ndi choona chimene mwakhalira. Trust sangalire aEdgar mpaka atadziwa kuti anapha munthu wosalakwa, ndipo padziko lonse lapansi pali pakamwa pamodzi pokha pamene angakhulupirire.

Pempho langa ndi limodzi. Sindikufuna chipepeso, sindikufuna kuti mubwere. Che Khalidi akhala ku Balaka mpaka adutse Lamlungu, akulongedza katundu. Tengani foni yawo, mulowe nayo kuseri kwa nyumba ngati mukuopa, mujambule mawu anu. Munene kuti Trust mwana wanga, ndine mayi ako, mphini zako ndinakutemetsa ndine kwa a Zuberi usananyamuke, aEdgar anangotsuka mabala. Loya wati akhoza kukamuikira Trust kuti awamve. Ndikudziwa kuti mawu amenewo akamuthyola mwanayo pakati, ndipo ndikamaganiza tsiku limenelo mtima umandiwawa. Koma bola alire, ine ndidzakhala pomwepo. Zaka zonsezi polira pake ndakhalapo ndine.

Che Khalidi akabwera ndi foni yopanda kanthu, ndikazinena ndekha pamaso pa ajaji, dzina lanu, la a Zuberi, ndi mtundu wa tambala. Iwonso avomera kuima pambuyo panga, akuti pa ukalamba wawo sangapite kwa Mulungu atameza zimene anaona. Mabenchi a m'khoti muja amadzaza ndi anthu a ku Balaka, ndipo mukudziwa kuti nkhani ya kuno imafika kwa Phalula basi isanafike. Trust mwina sakandikhulupirira, koma apongozi anga adzatunga madzi pamodzi ndi anzawo. Sindikukuopsezani ayi. Ndikukuuzani monga mmene umauzira m'bale wako pamsika kuti chitenje chamasuka, asanaone ena.

Nthawi yoonana ndi Trust kundende itatha tsiku lija, ndinanyamuka ndili ndi ukali woti sindidzapondanso kumeneko. Ndili pakhomo ndinamva akundiitana ndi mawu aja a kale, a mwana wobisa buledi.

"Mama. Mukamabweranso mundibweretsere vaselini. Muno mukuzizira, zayamba kuyabwa."

M'thekisi monse ndinkalumbira kuti ayabwidwe mpaka afe. Nditatsika pa renki miyendo inanditengera yokha mu shopu, ndipo botolo lili pano patebulo pamene ndikulemberapa. Musandifunse chifukwa, nanenso sindikudziwa. Za pachifuwa adzola yekha. Za kumsana sindikudziwa kuti amudzoza ndani.

Mundiperekere moni kwa alamu anga abusa, muwauze kuti ulaliki wawo wa pamaliro uja wonena za lilime ndimaukumbukira. Moni kwa ana, ndawatumizira majuzi awiri ndi sopo, zili m'chikwama chofiira. Moni kwa amalume, muwauze kuti mwana amene anandipatsa ndinamulera ndi mtima wanga wonse ndipo sindinamubweze. Ngati a Zuberi akadali moyo, nawonso muwapatse moni. Muwauze kuti mankhwala awo anagwira ntchito, galimoto sinagubuduzike ndipo mpeni wa tsotsi sunamukhudzepo mwana wathu.

Trust nayenso akupereka moni. Anandipempha kuti ndisaiwale, ndiye ndikupereka monga anandipatsira. Akuti mupitirize kumupempherera, poti pa anthu onse amene anawadziwa, ndinu nokha amene simunamunamizepo.

Ndine mng'ono wanube, poti amati chibale ndi fupa,

Patience,
mkazi wa malemu bambo a Trust.